Pamene Paponda Tayala

Aliyense amene anaphunzira malamulo a pamsewu kwa a Tobiasi ku Insaca amakumbukira dengu. Tsiku loyamba munthu ankabwera atatchena, nsapato zili waliwali, mumtima akudziona ali kale pachiwongolero. Iwo ankangomuyang'ana, n'kumusenzetsa dengu lodzaza mchenga, n'kumuuza kuti ayende mumsewu wa kuseri kwa msika. Akayenda pang'ono, ankamulizira buzina kumbuyo, ija obwera ku Malawi amati hutala. Munthu uja ankati acheuke, khosi n'kukana. Kuti aone kumbuyo ankayenera kutembenuka thupi lonse, pang'onopang'ono, manja ali kudengu.

"Waona nthawi imene yakutengera?" ankafunsa a Tobiasi. "Galimoto ikanakupeza kale. Tula, ubwerenso mawa."

Anyamata ankanyinyirika kuti abwerera galimoto, osati ganyu. Amayi ogulitsa tomato ankafa nazo nseko, amvekere, "Ameneyo ndiye wakwatiwa basi!" Koma a Tobiasi sankaseka nawo. Anali munthu wamtali, wowonda, wa mawu ochepa, ndipo chodabwitsa chinali chakuti mphunzitsi wa madalaivala onsewa sankagwira chiwongolero ngakhale pang'ono.

Pajatu analipo dalaivala, ndipo osati wamasewera. Anaphunzira galimoto nkhondo ili mkati, akuyendetsa kamyau, lole yonyamula chimanga, m'mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Malamulo a nthawi imeneyo sanali a m'buku. Loyamba linali lakuti tayala lako liponde pamene paponda tayala la mnzako, chifukwa m'mbali mwa msewu munali mabomba okwirira. Lachiwiri linali lakuti usachepetse liwiro, ndipo usaime ngakhale akukuimitsa ndi mayi wobereka mwana. A Tobiasi anadzionera okha mnzawo Alberto akupatuka pang'ono kuzemba dzenje, kamyau n'kunyamuka m'mwamba ngati chipewa. Kuchokera tsiku limenelo malamulo aja sanalinso m'mutu ayi, analowa m'miyendo. Zinthu zitafika poipa anathawira ku Malawi ndi akazi awo a Alzira, n'kukhala kumeneko zaka zisanu.

Mtendere utabwera anabwerera kudzera pachipata cha malire cha Entre Lagos, ndipo ntchito sinavute. Anthu anali kubwerera kwawo ndi mabedi, mitondo, nkhuku ndi malata, ndipo munthu wodziwa kamyau ankafunidwa ngati mchere. Koma mtendere unasainidwa papepala, mabomba aja sanauzidwe. Aliyense wobwerera ankalangizidwa mawu amodzimodzi: poyenda mumsewu, ponda pamene paponda tayala, usapatukire kuudzu. Ndiye taganizirani, abale. Msewu wonse unasanduka timizere tiwiri, ndipo timizere tomweto ankalimbirana anthu, njinga ndi magalimoto. Woyenda pansi ankaopa m'mbali, dalaivala nayenso ankaopa m'mbali.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina mu Ogasiti chaka cha 1994, dzuwa lili paliwombo, a Tobiasi ankachokera kunyanja ya Chiuta, kamyau italemera ndi matumba a nsomba. Atangodutsa pamkuyu waukulu anaona mayi patsogolo, dengu la matemba lili pamutu, akuyenda m'mzere wa tayala lakumanzere. Analiza buzina. Mayi uja sanapatuke. Analizanso. Kachitatu mayi uja anayamba kutembenuka, manja ali kudengu. Apo m'pamene phazi la a Tobiasi linakumbuka kuti kuli mabuleki, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mayiyo anali Mastura, mkazi wa Che Umaru, msodzi wa kunyanja komweko. Anafera pomwepo, pafupi ndi chulu, matemba atamwazika msewu wonse.

Mlandu sunatenge masiku. Ofufuza anatsegula buku n'kupeza kuti woyenda pansi ayenera kuyenda m'mbali, moyang'anizana ndi magalimoto. Malemuwo anali mkati mwa msewu, atafulatira. Anafunsa a Tobiasi ngati analiza buzina, iwo anavomera. Palibe anafunsa kuti kangati, kapena kuti mayiyo anamuonera pati. Che Umaru anangoti zonse n'za Mulungu, n'kutenga mtembo wa mkazi wawo kukaika tsiku lomwelo, monga amachitira Asilamu.

A Tobiasi anabweza makiyi kwa mwini kamyau sabata yomweyo. A Alzira sanawanyengerere. "Boma lakumasulani, inu mukudzimanga nokha? Tidya chiyani pakhomo pano?" A Tobiasi anayamba kukhoma ndowa ndi nyale za koloboyi kuchokera ku zitini za mafuta zimene anthu anabwera nazo kothawa nkhondo. Anagulanso kodigo, buku lija la malamulo a pamsewu, chifukwa kunena zoona karta yawo, chiphaso choyendetsera galimoto, anaipeza masiku a chipwirikiti, bukulo asanaliwerenge bwinobwino. Analiwerenga mpaka masamba anayamba kuthothoka. Mnansi wina wopita ku Cuamba kukayesedwa za udalaivala anawapempha kuti amuthandize, n'kukhoza ulendo umodzi. Mbiri inafala, ndipo sukulu inayamba chomwecho, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika.

Zikwangwani ankadula ku zitini zomwe zija n'kuzipenta, popeza m'misewu ya kuno zenizeni zinali zosowa. Misewu ankajambula pansi ndi ndodo, zitsekerero za mabotolo n'kukhala magalimoto. Ankaphunzitsa za m'buku zonse, kuyenda kumanzere, kusapitirira mnzako pokhota kapena pachitunda, kuima ndi kumvetsera panjanji ngakhale sitima idutse kawiri pa sabata. Koma anali ndi zawozawo zimene ku Cuamba sankafunsa. Ukalowa m'fumbi la mnzako, chepetsa liwiro, m'fumbimo muli munthu. Ukaona mbuzi yadumpha msewu, dikira mwana amene akuithamangitsa. Wanjinga wonyamula makala umupatse malo a ngolo. Ankawerengetsanso ophunzira ndi mapazi kutalika kwa malo amene galimoto imafuna kuti iime, yopanda katundu ndi yolemera, pouma ndi pamatope. Ndipo tsiku lililonse, potseka, ankanena mawu amodzi: buzina si mabuleki.

Analinso ndi nkhani imene ankafotokozera gulu lililonse, ya dalaivala wina amene anagunda mayi wosenza dengu. Akuluakulu a pamsika ankadziwa kuti dalaivala winayo ndani, koma ankangoweramitsa mitu. Apa tisawaikire kumbuyo a Tobiasi. Nkhaniyo ankaidula mchira. Ankanena za dengu, za khosi losacheuka, za mayi amene anali mkati mwa msewu. Za mkuyu uja sankanena, za buzina katatu sankanena. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anthu ankawalemekeza ngati munthu amene tsoka linangomugwera, ndipo ulemu umenewo ankaulandira.

Koma mlandu suwola. M'mawa wina kunabwera mtsikana atafunda mpango wakuda kumutu, n'kugwada chapatali.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzaphunzira. Amalume anga a Juma agula galimoto yonyamula nsomba, ndiye akufuna wapabanja aziyendetsa. Dzina langa ndine Saumu, mwana wa Che Umaru a kunyanja."

Nyundo imene a Tobiasi ankakhomera ndowa inaima m'mwamba. Ankamukumbuka mwanayu. Pamaliro, iwo ataima kutali kuseri kwa anthu, anaona kamtsikana ka zaka khumi katakumbatira dengu lophwanyika, kakukana kulisiya. Tsopano anali mayi wathunthu, ndipo mapewa ake anali a malemu aja ndendende.

"Wafika, mwanangu," anatero.

Mwambo ndi mwambo, dengu linayenera kusenzedwa. Saumu analinyamula yekha, osadikira womusenza, n'kuyamba kuyenda mowongoka ngati munthu amene anabadwa nalo. Amayi a tomato tsiku limenelo sanaseke. A Tobiasi anakweza buzina ija kumbuyo kwake, koma dzanja linakana kufinya. Mtsikanayo anayenda, anayenda, kenaka anaima osatembenuka.

"Lizani, aphunzitsi. Ndikudikira."

Analiza, koma inangolira pang'ono ngati yatha mpweya.

Saumu anali wophunzira wa mutu. Zikwangwani anaziloweza sabata imodzi, anyamata akukanda m'mutu. Sankacheza, sankachedwa, ndipo za amayi ake sanatchule. A Tobiasi anayamba kudzinyenga kuti mwina zidutsa chomwecho. Sabata yachitatu anafika pamutu wa anthu oyenda pansi, ndipo monga mwa chizolowezi anapereka buku kuti wophunzira mmodzi awerenge. Saumu anatambasula dzanja asanasankhidwe. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, kuti woyenda pansi ayende m'mbali mwa msewu, moyang'anizana ndi magalimoto. Anabwerezanso kachiwiri, n'kutseka bukulo.

"Ndiye kuti n'zoona," anatero motsitsa mawu. "Ndimaganiza kuti mwina anthu aja anawerenga molakwa."

Anyamata anayang'anana. Iye anapitiriza, maso ali pansi. Anati m'mawa wa tsiku lija bambo ake ndi amene anasenza amayi ake dengu, ndipo anawalondola mpaka pamsewu akuwalangiza kuti asapatukire kuudzu zivute zitani, aponde pamene paponda tayala. Kuchokera pamenepo Che Umaru sanapondenso mumsewu umenewo. Sanakwatirenso. Akamaliza kupemphera amakhala pamkeka n'kumanena okha kuti, ndinamupha ndine, ndinamupha ndi pakamwa panga. Tsopano maso anali atachita khungu, chifuwa chikuwavuta, ndipo a kuchipatala anali atawabweza kunyumba.

"Ndimafuna ndikawauze kuti bukuli silikutero, asanapite. Koma likutero. Pepani aphunzitsi, ndakuchedwetsani."

Ha, mpata ndi umenewo! Munthu akanangotsegula pakamwa. Koma a Tobiasi anayang'ana anyamata asanu aja, anayang'ana amayi a pamsika amene anali atatchera khutu, mantha n'kuwagwira. Anatolera zikwangwani zawo n'kunena kuti apitiriza mawa.

Kunyumba anakhala pakhonde dzuwa likupendeka, chakudya osachikhudza. Anawafotokozera a Alzira zonse, ndi zija za mkuyu zomwe, zimene ngakhale akazi awowo anali asanazimvepo.

"Ndiye zaka zonsezi ine ndimakudzudzulani kuti mukudzimanga chabe, inu mukudziwa zimenezi?" A Alzira anapukusa mutu. "Anthu akunenani, zimenezo musakayike. Ophunzira ena athawa. Koma nkhalamba ijayo ikafa ndi mawu amenewo m'kamwa, inu mudzagona pati? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, bambo. Ine sindingakutsekulireni."

M'mawa mwake a Tobiasi anauza ophunzira kuti phunziro la tsikulo lili kumsewu wa kunyanja. Onse anakwera shapa, minibasi ya kuno, n'kutsikira pamkuyu uja. Msewu unali utasintha, ochotsa mabomba anali atadutsa kale, ndipo m'mbali munali tinjira ta anthu ndi chimanga mpaka m'mphepete. Koma mkuyu unalipo, chulu chinaliponso.

"Saumu, yambira pamtengo pano, uwerenge mapazi mpaka pachulu icho."

Mtsikanayo anawayang'ana kamodzi, n'kuyamba. Onse anamutsatira mwakachetechete. Atafika anati, "Mazana awiri."

"Samueli," a Tobiasi anaitana mmodzi wa anyamata aja, "kamyau yolemera, msewu wouma wadothi, liwiro lija tinaphunzira. Imafuna mapazi angati kuti iime?"

"Makumi asanu ndi atatu, aphunzitsi."

"Dalaivala uja ndimakuuzani nthawi zonse anamuona mayiyo ali pamkuyu paja. Anali ndi mapazi mazana awiri, akufuna makumi asanu ndi atatu okha. Otsalawo anawataya akuliza buzina, katatu konse, phazi lili pamoto. Nkhondo inali itatha zaka ziwiri, panalibe womuthamangitsa. Bukuli limanena za woyenda pansi, inde, koma limanenanso kuti dalaivala akaona munthu patsogolo achepetse liwiro, ngakhale kuima kumene. Tsamba limenelo tsiku lija silinatsegulidwe, ndipo ine sindinapemphe kuti litsegulidwe." Anatembenukira kwa Saumu. "Dalaivala ameneyo ndine. Mayi ako sanalakwe, mwanangu. M'mbali muno munalidi mabomba masiku amenewo. Anayenda pamalo pokhapo pamene munthu akanayenda."

Samueli anavula chipewa, anzake n'kuchita chimodzimodzi. Saumu sanalire. Anayang'ana kumkuyu, anayang'ana pachulu.

"Zakuti ndinu ndimadziwa kuyambira ndili mwana," anatero. "Za mapaziwa ndi zimene sindimadziwa. Koma musauze ine, aphunzitsi. Kwathu si kutali."

Anyamata anabwerera kukadikira pamkuyu. Awiriwo anatsika ndi kanjira kopita kumudzi, kudutsa m'matandala oyanikapo matemba. Che Umaru anawapeza pakhonde, atatsamira khoma, akusoka ukonde ndi zala zokha popeza maso sankaona. Anali atatha, mafupa okhaokha m'kati mwa mkanjo. Saumu anagwada n'kuwauza kuti kwabwera a Tobiasi a ku Insaca, dalaivala uja. Zala za nkhalamba zinaima.

"Apatse mpando," anatero.

A Tobiasi anakana mpando, anakhala pansi. Anafotokoza monga anafotokozera kumsewu, osachotsa kanthu, osadzichepetsera mlandu. Nkhalamba inamvetsera mutu uli chopendeka.

"Mkazi wangayo," inafunsa pomaliza, "anali pamene paponda tayala?"

"Pomwepo ndithu, Che Umaru."

"Sanapatuke?"

"Ngakhale phazi limodzi."

"Ndiye anandimvera."

"Anakumverani, ndipo munamulangiza zoona. Malo oimira ndinali nawo ine."

Che Umaru anayamba kupapasa pakhoma. "Saumu, ndodo yanga. Mapazi amenewo maso anga sangawaone. Ndikawayende ndekha."

Mwana wawo anawaletsa, anati chifuwa, anati dzuwa, koma nkhalamba sinamve. Anayenda nawo pang'onopang'ono, Saumu kudzanja ili, a Tobiasi kudzanja linalo, akupuma pamthunzi uliwonse. Anthu a m'mudzi anatuluka m'nyumba kudzaona Che Umaru akulowera kumsewu koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi. Pamkuyu anagwira tsinde ndi dzanja, anafufuza ndi ndodo mpaka anapeza mzere wa tayala, n'kuimamo. Saumu ankawerenga mokweza, anyamata aja akutsatira m'mbuyo. Atafika pa makumi asanu ndi atatu, a Tobiasi anati, "Apa. Ndikanaima apa."

Nkhalamba inaima, inagogoda pansi ndi ndodo. "Iye ali kuti?"

"Akadali kutsogolo, bambo," anayankha Saumu.

Anayambanso kuyenda. Pa zana limodzi anafunsa ngati afika, mwana wawo anati ayi. Anayenda, anatsokomola, anapuma, anayendanso. Anafunsanso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Misozi inayamba kutsika m'maso akhunguwo, kulowa m'ndevu, koma sanalole kunyamulidwa. Ndodo itagunda chulu, anakhala pansi pomwepo, akupumira m'mwamba. Anasisita dothi la pachulupo ndi chikhatho nthawi yaitali, akutchula dzina la mkazi wawo motsitsa.

Kenaka anatambasula dzanja kufufuza, mpaka anagwira mkono wa a Tobiasi. Sanaukankhe, koma sanausisitenso. Anangougwira zolimba.

"Kutalitu, bambo," anatero. "Malo onsewa munali nawo. Ndipo kuchokera ku Insaca kufika kwathu, inu mwayenda zaka zisanu ndi zinayi. Mukanabwera kale, ine ndikanagonako tulo."

A Tobiasi analira ngati mwana, pamaso pa ophunzira awo.

Nkhalamba inatembenuzira nkhope kumene kunali mwana wake. "Saumu, ubwerere nawo aphunzitsi akowa. Zina zonse uphunzire, koma choyamba akuphunzitse kuima."